Minga ya Mkwatibwi

Lachinayi m'mamawa, ku Harlingen,
mphepo ikugogodabe zitseko za padoko,
ndinatsegula sitolo zala zili gwa ndi chisanu.
Marozi anali atadzikongoletsa kale m'ndowa zawo,
podziwa kuti aliyense wolowa adzayamba ndi iwo.
M'ndowa ya pakona, pafupi ndi tsache,
munali eringiyamu,
duwa laminga lija la m'milu ya mchenga,
timitu tozungulira ngati nsonga ya chala,
m'khosi kolala yasiliva yobaya,
buluu wake ngati wa chitsulo chogona panja.

Marrit analowa tsitsi likudontha,
njinga ataitsamiritsa pazenera langa loyeretsa kumene.
Loweruka akukwatiwa.
Anadutsa marozi osawapatsa ndi moni yemwe
nakaima pa ndowa ya kutsache ija.
Ndikufuna ili, anatero.

Mayi Hoekstra anatsokomola pambuyo pake.
Mwanawe, mkwatibwi sanyamula minga.
Diresi lako n'lopyapyala, lidzakodwa.
Nanga azilamu ako adzati chiyani?

Ine ndinangopukuta sizasi.
Zaka makumi atatu ndili kumanga maluwa
zandiphunzitsa kuti pakati pa mayi ndi mwana
wogulitsa sayikapo mlomo.

Marrit anagwira tsinde limodzi popanda golovesi.
Bambo ankandikweza paphewa ku Vlieland, anatero,
n'kunditsitsa pamene limamera, mchenga uli m'nsapato.
Ankati usathyole, ungoliyang'ana,
muzu wake watsika pansi kuposa msinkhu wako,
limamwa mchere koma silidandaula.
Loweruka palibe wondigwira mkono mpaka kuguwa.
Ndiye m'manja mwanga mukhale chinthu chondibaya pang'ono.

Mayi Hoekstra anayamba kuwerenga mitengo ya miphika
imene sankafuna kugula.

Lachisanu usiku ndinakhala ndekha pathebulo.
Duwali lili ndi chinsinsi chimene sitiuza ogula:
likatenthedwa, fungo lake silolowa nalo m'tchalitchi.
Ndinalitsuka mitu pampopi, umodziumodzi,
ndinasadza masamba a m'munsi,
ndinadula matsinde mopendekera
n'kuwamwetsa madzi ozizira mpaka pakati pa usiku.
Marozi oyera asanu ndinaika pakati,
kuti mayi aja apeze popumitsa maso.
Eringiyamu kuzungulira, wina kutalika, wina kubisala,
pakuti silifuna kufoletsedwa ngati ana asukulu.
Pogwirira ndinakulunga riboni kawiri, katatu,
ndinasiya munga umodzi wokha, pamene chala chachikulu chidzagone.
Langa linali litatuluka kale kadontho ka magazi,
ndinayamwa n'kupitiriza.

Ku ukwati sindinapite. Loweruka sitolo sitseka.
Ndinangomva kuti diresi linakodwadi, pang'ono, m'chiuno,
kuti mwana wina anagwira maluwawo n'kulira,
kuti mvula inakata pamene ankatuluka.

Marozi aja, ndikudziwa, sanafike Lachitatu.
Ndi mmene alili, amapereka zonse tsiku limodzi.

Mu Novembala, masana kukuda ngati madzulo,
belu la pachitseko linalira.
Mayi Hoekstra, okha, ambulera ili m'khwapa.
Anazungulira sitolo yonse, kununkhiza ichi, kufunsa icho,
kenaka anati: lija lili kwa Marrit pakhoma,
mitu pansi, lamangidwa ndi ulusi pamsomali,
louma gwa, ukaligwira likuti tswatswa,
koma buluu uja sanachoke. Zimatheka bwanji?

Ndinati limathyoledwa litapsa kale mtundu,
likachoka pamuzu siliwonjezera, silichotsanso.

Anakhala chete, akuyang'ana ndowa ya pakona.
Sietse ankabwera nalo mchenga m'nyumba, anatero,
ndinkamukalipira chilimwe chilichonse.
Ndipatseni matsinde atatu.
Musakulunge, ndinyamula chomwecho.

Anatuluka nawo m'manja mosavala kanthu,
ndinawaona pazenera akuwoloka mlatho,
akusinthira ku dzanja lina, kenaka kubwezanso.